Jombo Zatsopano pa Mchenga wa Kumalire

Amene anamulakwira mkulu wosoka nsapato uja ndi mphwake weniweni, mwana wa mlongo wake, m'chaka chachitatu cha nkhondo yapachiweniweni.

Mwanayo anamulera yekha. Ankadya m'mbale imodzi ndi msuweni wake, mwana wa wosokayo, ndipo m'nyumbamo munalibe wokhudza chakudya asanapemphere. "Cha mwini, mphwanga, ngakhale chingwe cha nsapato, usachiike m'thumba," ankatero malumewo.

Anyamata onse awiri analowa usilikali. Mphwake anakwera msanga mpaka kukhala kaputeni wa kampu ya kumalire. Asilikali ankamutcha Mapewa, poti ankayenda akusuzumira nyenyezi za udindo za pamapewa pake. Msuweni uja anangokhala msilikali wamba. Wosokayo anawatsatira, napatsidwa kachipinda pafupi ndi mosungira katundu kuti azisoka jombo.

Pakampupo panali lamulo limodzi limene linkawasunga ndi moyo. Madzulo ankasesa mchenga m'njira zonse zozungulira mpanda, m'mawa alonda n'kuwerenga mapazi. Jombo ya boma inkadinda timitanda. Zigawenga zinkavala nsapato za matayala. Akaona tayala, aliyense ankathamangira mfuti. Akaona timitanda, ankati ndi anzathu oyendera malire.

Ndiye kunabwera wamalonda wina wa lole ya mchere.

"Bwana Kaputeni, nyenyezi zitatu koma fodya wopempha? Jombo zanu zikungodyedwa ndi makoswe m'makatoni. Kutsidyaku alimi akuzifuna."

Makatoni awiri anakwera lole. Sabata yotsatira, asanu. Mapewa anayamba kununkha mowa dzuwa lili paliwombo.

Wosokayo anazindikira chifukwa jombo zakale zomwezomwezo zinkangobwerera kwa iye, zina kachinayi. Anapita ku ofesi ya kaputeniyo.

"Mphwanga, jombo zatsopano zili kuti?"

"Muno mulibe mphwanu. Muli kaputeni."

"Chabwino, a Kaputeni. Mukugulitsa mapazi athu. Tsiku lina adani adzadinda timitanda pamchenga paja."

"Madala, ntchito yanu ndi ulusi ndi misomali. Mukayankhulanso ndidzati ndinu kazitape. Mukudziwa kumene akazitape amagona."

Ankakudziwa: dzenje la kuseri kwa khitchini. Nkhaniyo sanaitchulenso. M'mawa uliwonse ankatsatira alonda kumchenga.

Tsiku lina anapeza mapazi ambiri, onse a timitanda, olowera kuchigwa cha kuseri kwa mpanda.

"Ndi athu," anatero mlonda akuyasamula.

Mkuluyo anagwada. Timitandato tinali takuthwa, topanda potha.

"Zidendene zonse za pakampu pano ndinakhoma ndine. Palibe yatsopano ngakhale imodzi."

Mlondayo anaseka. "Kauzeni mphwanu, madala. Belu lochenjeza za adani amalamula ndi iye."

Mkuluyo anathamangira ku ofesi. Mapewa atamva, anaika kapu yake ya mowa pansi. Ankadziwa kuti kuliza belu chifukwa cha jombo za boma kunali kudziulula yekha pamaso pa kampu yonse.

"Ndi athu," anatero.

"Mphwanga, msuweni wako ali pachipata."

"Ndati ndi athu."

Mapewa anakankhira mkuluyo mosungira katundu muja n'kukhoma loko.

Zigawenga zinalowa masana, asilikali atagwira mbale. Mkuluyo anabisala pansi pa makatoni opanda kanthu, akumva mfuti, kukuwa, kenako jombo zatsopano zikulira kwee kwee pakhonde. Anadziluma dzanja kuti asatsokomole.

Asilikali a kampu ina atathyola loko mawa lake, mkuluyo anapita molunjika kuchipata. Mwana wake anali pomwepo, chafufumimba, wopanda nsapato. Jombo zake zinali zikadali pabenchi ya bambo ake, zikudikira chidendene.

Achinyamata, imvani. Musamati ndangotenga kanthu kakang'ono, boma silimva kuwawa. Chimene mwaba chili ndi munthu amene chimamusunga, ndipo mukayamba kuopa manyazi kuposa kuopa Mulungu, mudzapha abale anu kuti mubise katoni.

Mapewa anathawa pa galimoto mfuti yoyamba italira. Anamugwira patapita masiku atatu. Khoti la asilikali linamuchotsa nyenyezi, ndipo anamuwombera Lachisanu, atamuvula jombo.