Lufina ndi Masitepe Atatu

Lufina anali mtsikana wa ku Mlangeni. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti mchimwene wake Nathan azilowa yekha m'nyumba.

Nathan anali wamkulu kwa Lufina. Miyendo yake inalibe mphamvu. Iye ankayenda pa chikuku. Ankapalasa mawilo ndi manja ake.

Amalume awo anasamukira ku Boma. Anawasiyira nyumba yakale. Denga lake linkadontha. Chitseko chinali chitadyedwa ndi chiswe.

"Tiikonze kaye," anatero Bambo. "Loweruka tilowamo."

Bambo anakwera padenga. Anakhoma malata. Kho! Kho! Kho! Amayi anapaka laimu m'makoma. Lufina anasesa zipinda zonse.

Koma pakhomo panali masitepe atatu. Chikuku sichikwera masitepe.

M'mawa Bambo ananyamula Nathan kumulowetsa. Masana anamunyamulanso kumutulutsa. Nathan sanasangalale.

"Ine sindine thumba la kachewere," anatero. "Ndizingokhala panja pompano."

Lufina anamva chisoni kwambiri.

"Ayi, achimwene," anatero. "Muzilowa nokha. Muona!"

Lachiwiri Lufina anatenga khasu. Anakumba dothi. Analithira pa masitepe. Analiponda, analiponda, analipondanso.

"Achimwene, bwerani muyese!"

Nathan anapalasa. Chikuku chinakwera pang'ono. Kenako chinabwerera cham'mbuyo. Chinakaima m'mizere ya nyemba.

"Iwe Lufina!" anafuula Nathan akuseka. "Wamanga njira kapena phiri?"

Lachitatu kunagwa mvula. Dothi lonse linakokoloka. Masitepe atatu aja anaonekeranso.

Lufina anakhala pa sitepe ya pansi. Misozi inalengeza m'maso mwake. Kwatsala masiku ochepa! Anatsinzina n'kupemphera.

"Ambuye Yesu, nyumbayi ndi ya tonse. Musalole mchimwene wanga atsale panja. Ndipatseni nzeru. Ameni."

Anapukuta misozi. Anapita kwa Nathan.

"Achimwene, woyenda pa chikuku ndinu. Tandiuzani. Njira yabwino ndi yotani?"

"Ikhale yaitali," anayankha Nathan. "Izikwera pang'onopang'ono. Ikhalenso yolimba."

Nathan anatola kamtengo. Analemba mzere pansi, kutali ndi khonde.

"Iyambire apa."

"Kutali konseko?"

"Eya, amisiri. Mwatopa kale?"

"Ndani? Ine?" anatero Lufina. "Sindinatope!"

Kuseri kwa nyumba kunali khitchini yakugwa. Njerwa zake zinali mbwee. Lufina anayamba kututa. Anatuta imodzi. Anatutanso ina.

"Ika zina pamiyendo pangapa," anatero Nathan.

Lufina anaika njerwa zinayi. Nathan anapalasa nazo mpaka pa mzere uja. Anapita, anabwera. Anapita, anabwera. Manja a Lufina anatuluka matuza. Koma sanasiye.

Bambo anatsika padenga. Anaona njerwa. Anaona ana awo ali thukuta lokhalokha.

"Ine ndimangoona za kumwamba," anatero Bambo. "Pakhomo pano sindinapaganizire. Pepa, Nathan mwana wanga."

Lachinayi onse anagwira ntchito imodzi. Bambo anabweretsa simenti yotsala. Amayi anatunga madzi akuyimba nyimbo ya kutchalitchi. Lufina anayala njerwa. Nathan ndiye ankalangiza.

"Apo patsike pang'ono, Ababa!"

"Chabwino, akapitawo," anatero Bambo.

Lachisanu anadikira kuti simenti iume. Lufina anailondera tsiku lonse. Anathamangitsa nkhuku. Anathamangitsa mbuzi.

Loweruka linafika. Ngolo inabweretsa katundu. Aliyense anaima pabwalo.

Nathan anagwira mawilo. Anapalasa kamodzi. Anapalasa kawiri. Chikuku chinakwera. Chinakwerabe. Lufina anagwira pamtima. Sanamukankhe ngakhale pang'ono.

Chikuku chinafika pakhonde. Chinalowa m'nyumba!

"Mulungu ndi wabwino!" anatero Amayi, n'kululutira.

Kenako chitseko chinatsekeka. Phwa! Bambo anatsala panja ndi mpando. Amayi anatsala panja ndi dengu pamutu. Onse anayang'anana.

Lufina anakwera pakhonde. Anagogoda.

"Odi kuno!"

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Nathan anasuzumira, mano onse ali panja.

"Odini, alendo anga," anatero. "Lowani. Koma matopewo musalowe nawo m'nyumba mwanga!"