Wokanikiza Batani Lofiira

Kompyuta yoyendetsa makina ofungatira mazira pafamu ina ya nkhuku inali ndi khalidwe loipa. Pulogalamu yake yaikulu ikasokonezeka, sinkadziyatsanso yokha. Inkangoti zii, mafani ndi zotenthetsera zonse zitaima, kudikira munthu woti akanikize batani lofiira. Kukhala choncho maola awiri, mazira onse akanazizira, ndipo ntchito ya Injiniya, mayi amene anali atangolembedwa kumene, ikanathera pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti m'mawa uliwonse kompyutayo inkasonyeza kuti usiku inaima, ndipo patatha mphindi zitatu wina anakanikiza batanilo. Chonsecho chipindacho chinkakhala chokiya, kiyi ali m'chikwama mwa Injiniya.

Atafunsa mlonda, mdalayo anasuzumira kuchitseko n'kutsitsa mawu.

"Bambo amene munalowa m'malo mwawo ankabwera usiku uliwonse kudzakanikiza. Tinawaika m'manda mwezi watha, koma mapazi awo ndimawamvabe, mayi."

Injiniya anaseka, komabe anagona m'chipindamo kuti adzionere yekha. Cha m'ma 2 koloko mafani anasiya kulira. Mumdima wandiweyaniwo anamva kupuma kwa munthu wotopa pafupi ndi khutu lake, kenaka batani linalira kuti tha! Mafani anayambanso. Mantha anamugwira moti anakhala pomwepo mpaka kunja kutayera.

Tsiku lomwelo anasintha pulogalamuyo kuti ikaima, izilemba kaye chimene chalakwika, kenaka izidziyatsanso yokha. Zinayenda bwino, mtima wake unakhala m'malo.

Patapita masiku atatu kunabwera mayi wachikulire, maso ali psuu.

"Ndine mkazi wa malemu. Mwachitanji kuno, mwanangu?"

Injiniya anafotokoza.

"Ndiye chifukwa chaketu," mayiyo ananong'ona. "Atamwalira, kunyumba kunali bata. Tsopano 2 koloko ikangokwana akumaima pakhomo pa chipinda changa, akupuma, ngati akudikira kuti ndiwatume. Adzukulu sakugona. Chonde, abwezereni ntchito yawo."

Injiniya anamva chisoni. Anayang'ana mazira aja, amene ankayenera kuswa Lachisanu, kenaka anabwezera pulogalamuyo mmene inalili.

Usikuwo anakiya chitseko n'kukhala panja, khutu lili pathabwa, wotchi ili m'manja. Nthawi itakwana, mafani anaima. Mphindi zitatu zinatha, kenaka zisanu, kenaka khumi, m'katimo muli zii.

Anatulutsa kiyi. Apo m'pamene anamva kupuma kuja kumbuyo kwake, kudikira kuti atsekule, ngati wantchito wochotsedwa amene sangalowenso yekha.