Sikipa Yoyamba

Mayi wina ankajambula maluwa pa masikipa ndi manja. Poyamba zinali zongotayitsa nthawi, koma mwamuna wake atachotsedwa ntchito anayamba kugulitsa. Koma abale, malonda ake anali osowetsa mtendere. Sikipa imodzi inkamudyera tsiku lathunthu, msana kuwawa, penti mpaka m'zikhadabo, koma anthu ankangoigwiragwira, kuyamikira, n'kumapita. Kutsidya kwa msewu kunali mnzake wa makina odindira, ndipo masikipa ake a zilembo zokhotakhota ankatha dzuwa lisanapendeke. Mayiyu akaona zimenezo mtima unkamuwawa zedi.

Atatopa anapita kwa sing'anga wina wokhala m'kachipinda kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Bamboyo anamupatsa kabotolo ka madzi akuda oti azidonthezera mu penti.

"Mukatsegula chitini chatsopano cha penti, sikipa yoyamba musagulitse. Mupatse munthu amene amakukondani, avale."

"Ndiye afa?"

"Kufa ayi, mayi. Angokuiwalani basi. Koma ikatha masiku atatu osavalidwa, idzasankha yokha."

Mayi uja anaona ngati n'zochepa. Yoyamba anapatsa azakhali ake, poti ndi olongolola kale. Sabata yomweyo masukulu, makwaya ndi matimu a mpira anayamba kulimbirana masikipa ake. Anatsegula shopu, nagula mashelefu ndi galasi lalikulu. Atakumana ndi azakhali aja pamsewu, iwo anamupatsa moni wa mlendo n'kudutsa.

Koma penti sachedwa kutha malonda akamayenda. Chitini chachiwiri chinatenga mkulu wake. Pa chachitatu anazengereza mpaka tsiku lachitatu, kenako sikipayo anaisita bwinobwino n'kupatsa mwamuna wake. M'mawa mwake bamboyo anamufunsa mwaulemu kuti akufuna ndani m'nyumbamo, ndipo pofika madzulo anali atalongedza chikwama.

Mayi uja anatsala ndi mwana wake wamkazi yekha. Apa mantha anamugwira, nayamba kuthira madzi mu penti kuti chitini chisathe. Maluwa ankasuluka pongochapa kamodzi, makasitomala n'kumabweza katundu akulalata pakhomo pa shopu. Akanatha kutseka n'kusiya. Koma kampani ina itafuna masikipa ochuluka, dyera linamukulira, natsegula chitini china.

Sikipa yoyamba ya chitinichi anaibisa pansi pa matiresi. Tsiku lachitatu anaipeza ili pabedi la mwana wake, yopindidwa bwino. Anaitsomphola. Podziuza kuti munthu sangadziiwale yekha, anaivala.

Masiku ano shopuyo ndi yotseka. Mayi uja amakhala pakhonde, kumangoyang'ana manja ake. Mwana wake uja akamubweretsera chakudya n'kumuitana kuti amayi, iye amamwetulira mwamanyazi.

"Zikomo, mwanawe. Kodi ndiwe mwana wa ndani?"

Chuma cha mankhwala sichibwera chaulere. Dyera limayamba ndi anthu amene ukuganiza kuti ungakhale popanda iwo, ndipo silikhuta mpaka litakumaliza iwe mwini.