Akavalo Amene Anakana Manda

Madzulo amenewo Wangolo ankathira madzi m'chomwera, kavalo wake wamkazi, Namzeze, ataima pambali mutu uli zyoli. Sanamwe. Anangonunkhiza madziwo n'kutsokomola chifuwa chouma ngati cha nkhalamba. M'mphuno munkatuluka mamina achikasu, ndipo Wangolo atamugwira pakhosi anapeza thupi lili moto.

Dokotala wa ziweto atafika m'mawa mwake sanabise mawu. Anati ndi kachilombo kopatsirana, koyenda m'mamina, m'madzi, ngakhale pa manja a munthu. Eni akavalo m'mudzimo anamanga chimodzi: makola atsekedwe ndi maloko, ngolo ziime, wina asaponde m'khola la mnzake. Munthu mmodzi yekha ndiye aziloledwa kulowa paliponse kukapopera mankhwala. Onse anasankha Wosula, mkulu wake wa Wangolo, amene ankakhoma zitsulo ku ziboda za akavalo awo kuyambira kalekale. Makiyi onse anaperekedwa kwa iye.

Koma matenda analumpha maloko. Akavalo a bere anapoloza. Ena miyendo yakumbuyo inkafooka, n'kukhala pansi ngati agalu mpaka kufa. Namzeze atafa, Wosula ndiye anagwira fosholo, anathandiza kukumba dzenje, anathira laimu pamtembo, ndipo analira kuposa mwini wake.

"Limba mtima, mphwanga," anatero. "Ine ndilipo."

Manong'onong'o anayamba pambuyo pake. Mayi wina anati anamva ziboda zikudutsa kuseri kwa nyumba yake, zambirimbiri, koma popanda kavalo ndi mmodzi yemwe wopuma kapena wofwenthera. Wina anati kukamacha pamsewu pamanunkha laimu wonyowa wosakanikirana ndi nyama yowola. Agalu analeka kuuwa. Ankalowa pansi pa ngolo n'kumanjenjemera.

"Mwamva, abambo?" mkazi wa Wangolo anafunsa tsiku lina akutsegula zenera.

"Ndamva chiyani?"

"Kayendedwe kaja. Kukoka mwendo wakumanzere. Ndi Namzeze."

"Namzeze ndinamukwirira ndi manja angawa. Usadzanenenso."

Eni akavalo atakumananso pabwalo, aliyense ataima patali ndi mnzake, mlimi wina amene anali atataya akavalo ake onse analoza Wosula.

"Makola ngotseka, koma imfa ikulowa. Amene ali ndi makiyi ndani?"

Wangolo sanadikire kuti mkulu wake ayankhe. Anamugwira mlimiyo pakhosi.

"Achimwene anga anandilera ine bambo atamwalira! Sagona tulo chifukwa cha ziweto zanu, lero muwathokoze ndi mwano?"

Anthu anawaleretsa, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo. Wosula anangopukuta maso ndi chipewa chake.

Posakhalitsa panamveka kuti maenje amene anakwiriramo akavalo akutitimira. Wangolo anaganiza kuti ndi afisi. Analawirira m'mbandakucha ndi fosholo paphewa kuti akawonjezere dothi pa Namzeze. Atafika anapeza dzenje lili pululu. Dothi silinafukulidwe kuchokera pamwamba ayi, linakankhidwa kuchokera pansi, ndipo m'mbali munali zizindikiro za ziboda zokwera kutuluka.

Kenako fungo lija linamupeza. Ziboda zinamveka kumbuyo kwake, pang'onopang'ono, ngati za akavalo obwera ku ulendo wautali. Anatembenuka. Mu nkhungu munatuluka mzere wa akavalo oyera mbuu ndi laimu, nthiti zili pamtunda, maso ali gwa osaphethira. Kunja kunkazizira, koma m'mphuno mwawo simunkatuluka nthunzi. Patsogolo panali Namzeze, akukoka mwendo wakumanzere, ndipo pamsana pake panakhala munthu wosavala, atadzola phulusa thupi lonse.

Fosholo inagwa yokha.

"Achimwene?"

Wosula sanadzidzimuke. Anamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira nkhuku yolowa m'nyumba.

"Wafulumira, mphwanga. Ukanachedwa pang'ono ukanapeza ndawabwezera m'malo mwawo."

"Ndinu amene munkawapatsira matenda?"

"Kansalu kamodzi, mphuno ndi mphuno. Kavalo wamoyo amatopa, amafuna udzu, amakana njira. Awa sakana."

"Nanga wanga? Mwa onse, munayambira wanga?"

"Ndikanayambira wa yani? Khola la amene analira koyamba silikayikiridwa. Ndipo iwe ndinkadziwa kuti udzandimenyera nkhondo. Unamenyadi bwino."

Mawu amenewo anamulasa Wangolo kuposa zimene maso ake ankaona. Kenako anaimba kamluzu kamene ankaitanira Namzeze kubusa. Kavaloyo anaima. Khutu limodzi linagwedera, khosi linayamba kutembenuka movutikira, mafupa akulira. Wosula anamenya kavaloyo ndi chibakera pakati pa makutu, ndipo mzere wonse unakhotera kunkhalango, nkhungu n'kuwameza.

Dzuwa litakwera anthu anathyola chitseko cha Wosula. Moto wa posulira unali wozima kalekale, ndipo pakama panali fumbi losonyeza kuti palibe anagonapo kwa nthawi yaitali. Anafukula maenje onse. Sanapeze ngakhale fupa limodzi.

Matenda anatha mwezi womwewo. Wangolo sanagulenso kavalo, ngolo yake inadyedwa ndi chiswe. Alendo odutsa akamufunsa ngati ndi m'bale wake wa munthu uja ankasula zitsulo, amayang'ana kumbali n'kuyankha motsitsa mawu:

"Ine ndinabadwa ndekha."