Loko Amene Anachotsetsa Emil Kimmich Ntchito

Pa zithunzi zonse zimene Orval Kimmich anajambula Loweruka lija, chimodzi chokha chinatuluka mbuu. Orval sanali wonjenjemera manja. Zaka makumi atatu akujambula maloko akale a masefa a banki m'chigawo chonse cha Ohio ku America, palibe anam'bwezerapo chithunzi, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Maloko ake ndi aja okhala ndi mawotchi m'kati. Ukawapukusa ndi kiyi maola akutiakuti, sefa sitseguka mpaka maolawo atatha, ngakhale wakuba akuloze mfuti. Malemu Brubaker anasiya maloko oterewa mazana awiri m'chipinda chapansi, ndipo mkazi wawo, Mayi Leota, anaitana Orval kuti awazindikire ndi kuwajambula asanapite kunyumba yosungira zakale. Ankagwira ntchito usiku chifukwa dzuwa la pawindo linkanyezimiritsa zitsulo.

Atayang'anitsitsa chithunzi chija, anaona kuti mbuuyo inali pa timawilo tiwiri tokha. Anazimitsa nyali n'kutchera khutu. Mumdima wa bii, pakati pa maloko amene anasiya kuyenda iye asanabadwe, munkamveka kugunda kwapansipansi, che-che-che, kosafulumira. Anakutsatira mpaka pakona, pa loko yekhayo amene analibe kapepala ka dzina. Inali 12 koloko usiku, ndipo muvi unkaloza maola 33 otsala.

M'mawa, akumwa khofi, anafunsa monong'ona.

"Mayi, munatsikirako pansi dzulo?"

"Ndi mawondo anowa? Ndikatsika mudzandikweza ndinu?" Anaseka, koma maso ali pakapu. "Ndi loko uti akuyenda?"

"Wapakona uja."

Orval anali atamva kale kusitolo kuti chiikireni maliro a Brubaker, oyandikana nawo amaona nyali ikuyaka pansipo Loweruka lililonse madzulo. Anali ataziyesa za anthu osowa chochita.

Lamlungu usiku anamasula chivundikiro chakumbuyo, poti okonza maloko ankakanda dzina ndi chaka m'kati akatha kutsuka. Anawalitsa tochi. E.K. 1955. E.K. 1956. Mpaka 1958. Ka K kopendekeka kaja anakadziwa asanaganize n'komwe. Linali dzanja la bambo ake.

Nkhani yake tauni yonse inkaidziwa. Lolemba lina mu 1958, sefa ya banki inakana kutseguka mpaka Lachiwiri masana. Anthu anati Emil Kimmich anawononga loko potsuka. Anam'chotsa ntchito, ndipo anamwalira akukonza mawotchi a pamkono pakhitchini, osatchulanso za banki. Orval anakula akuyenda ndi manyazi amenewo.

Anawerenga ndi zala. Maola 33 kuchokera pakati pa usiku wa Loweruka ankafika 9 koloko Lolemba m'mawa, nthawi yotsegulira banki. Wina anali atam'pukusa loko uja monga ankachitira poweruka Loweruka masana. Akafika pa nthawi yake, ndiye kuti sanawonongekepo.

Anakhala pampando osagona. Mapaipi a m'khoma ankalira, mphepo ikukankha windo. Cha m'ma 3 koloko, mpando wopanda munthu kumbuyo kwake unalira ngati wina wakhalapo, ndipo fungo la fodya wa m'kaliwo linadzaza chipinda. Orval anachita mantha, inde, koma sanatembenuke.

"Khalani," anatero chapansipansi. "Tionere limodzi."

Kutacha, Mayi Leota anatsika okha, sitepe imodzi imodzi, n'kuima pambali pake. Wotchi ya tchalitchi itayamba kulira naini, loko anati kwa! Kachitsulo kotsekera kanagwa.

"Zaka pafupifupi makumi asanu osathiridwa mafuta," anatero Orval. "Amenewo ndiwo bambo anga."

"Amuna anga ndiwo ankapukusa kubanki nthawi imeneyo," anatero mayiwo. "Anali kamnyamata, akuthamangira ku dansi, ndi ine ndemwe. Anangopukusa mpaka kumapeto, maola 72. Anaopa kunena. Banki itatsekedwa, anagula lokoyu n'kumubisa pakona. Anandiuza atagona kale m'chipatala. Pepani, mwana wa Emil."

"Ndiye mwachita bwino kum'pukusa kuti ndidzionere ndekha."

Mayi Leota anapukusa mutu.

"Ine ndimayesa ndinu. Kiyi wake tinawaika naye m'manda amuna anga, ali m'thumba la jekete. Anachita kupempha. Ndipo fungo la fodyali ndi la kaliwo wawo."

Onse awiri anatembenukira ku mpando uja. Kenaka Orval anakonza kamera, poti tsopano timawilo tinali titaima. Chithunzi chinatuluka chakuthwa kuposa zonse. Pa kapepala ka dzina, pamene amalemba wopanga ndi nambala basi, anawonjezera mzere wina ndi zilembo zazikulu: "Wotsuka: Emil Kimmich. Alibe vuto."

Ataika kapepalako, fungo la fodya lija linali litachoka.