Tsamba Limene Gracious Anang'amba

Pakhomo pa a Solomon Chimphamba ku Bethanie, kudziko la eni kufupi ndi migodi ya ku Rustenburg, panalibe chuma, koma chilichonse chinali ndi malo ake. Sipanala iliyonse inali ndi msomali wake pakhoma, ndipo palibe amene ankadya asanapemphere. Bambowa anali mtchona wa ku Ntcheu, makaniko amene anakonza mabasi a pamgodi zaka makumi awiri mpaka msana unakana. Akazi awo, mai Dinah, ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi cha Amalawi. Ana anali awiri: Gracious, ndi mlongo wake Linnet, amene mawu ake akakwera m'kwayamo, azimayi ena ankangotseka maso.

Gracious sanali woipa mtima ayi. Vuto lake linali phuma. Ankadya chiimire, ndipo pemphero likatalika phazi lake limayamba kugogoda pansi. Kwa zaka zitatu anasenza simenti kwa makontilakita, mtima uli pa chinthu chimodzi: kaminibasi kake, koti azinyamula anthu opita kumigodi.

"Ukakaipeza, usayambe n'kuyang'ana penti," anatero bambo ake. "Penti aliyense angapake. Uyambe n'kuwerenga buku lake. Chidindo chilichonse, tsiku lililonse, zimene oyeza analemba. Pasopa, mfana. Galimoto yonyamula anthu si njinga."

"Ndamva, bambo," anatero Gracious, maso ali pafoni.

Galimotoyo anaipeza ku Marikana, kuseli kwa kagolosale kena, kwa mnzake Noel amene ankagulitsa magalimoto akale. Inali yotuwa ngati siliva, yotsukidwa mpaka matayala, mipando isanu ndi iwiri. Atayiliza, injini inangoti phwee, bwinobwino. Mtima wa Gracious unadumpha.

Komabe mawu a bambo ake anali m'khutu, choncho anatsegula kabokosi ka kutsogolo natulutsa buku la sevisi. Masamba oyamba anali ndi zidindo zolongosoka. Kutsamba lomaliza kunali pepala lomatidwa ndi sitepula, lochokera kumalo oyezera magalimoto, la miyezi inayi yapitayo. Galimoto inalephera. Woyeza analemba kuti mapaipi a mabuleki adyeka ndi dzimbiri ndipo akudontha, nachonga mzere kunsi kwake kawiri.

"Noel, nanga ichi?"

Noel anaseka. "Iwe mani, azungu amene aja amalephetsa ngakhale galimoto yatsopano. Uzingothiramo mafuta a mabuleki m'mawa, basi. Pepala la rodiwethe, lonena kuti galimoto ili bwino, ndili ndi munthu wanga, amalemba galimoto isanasunthe n'komwe. Mawa ulipeza."

"Madala adzafuna kuona bukuli."

"Madala ako amakhala m'nthawi ya Kamuzu wa pakhoma. Mwina ukufuna usenze simenti mpaka imvi? Pali mnyamata wa ku Mangochi akubwera kudzaigula madzulo ano, iyeyo safunsa zambiri."

Gracious anazungulira galimotoyo kawiri. Anayang'ana kumsewu, anayang'ananso buku lija. Kenaka anagwira tsambalo pakona n'kulikoka. Linang'ambika mosavuta, abale, ngati silinali kanthu. Analipinda kanayi n'kuliponya m'thumba la mkati la jekete.

Madzulo a Lachisanu, Gracious atagula galimotoyo n'kufika nayo pakhomo, a Solomon anakhala pakhonde, navala magalasi, n'kuyamba kuyendetsa chala m'bukumo. Pansi pa galimoto sakanatha kulowa chifukwa cha msana uja. Atafika kumapeto, chala chinaima.

"Pano panali tsamba. Taona timizu take."

"Ndinalipeza choncho, bambo."

Bambo ake anamuyang'anitsitsa. Gracious anamva pepala lija likumukanda pachifuwa, koma sanagwetse nkhope.

"Chabwino. Lolemba upite nayo ku Rustenburg akaiyeze, ine ndili pomwepo. Isanayezedwe isanyamule munthu, ngakhale mmodzi. Wandimva?"

"Ndamva."

Loweruka m'mawa anapeza kadontho kakuda pamchenga, pafupi ndi tayala la kumbuyo. Anakakwirira ndi nsapato, nathira mafuta ena m'kabotolo ka mabuleki, msangamsanga, akucheukira kuzenera. Anayesa kukhala pansi, analephera. Anatsuka galimoto yotsukatsuka kale.

Tsiku lomwelo kwaya inali ndi ukwati woti ikaimbe ku Cashan, kumtunda kuja pansi pa phiri. A Solomon anali atalawirira kumsonkhano wa akulu ampingo. Nthawi inakwana, takisi imene amayi aja anapangana nayo osaoneka. Azimayi anayi anaima pageti ndi mayunifolomu awo oyera, mai Dinah akuimba foni yosayankhidwa.

"Ndikuperekezeni, amayi," anatero Gracious.

"Bambo ako anati Lolemba."

"Ankanena asanaone ichi." Anatulutsa pepala la Noel, la chidindo chofiirira, lonunkhira inki. "Yayezedwa kale. Ili bwino."

Mai Dinah sankadziwa za mapepala a galimoto, koma mwana wawo ankamudziwa, kapena tinene ankaganiza choncho. "Ukunena zoona, Gracious?"

"Ndingakunamizeni inu?"

Linnet anathamangira mpando wa kutsogolo. "Achimwene agula galimoto, ine ndikhale kumbuyo? Iyayi." Anavula nsapato n'kutambasula miyendo yake bwinobwino.

Popita zonse zinayenda. Gracious ankaponda buleki pang'onopang'ono, ndipo ankamva kuti ikulowa mkati kuposa dzulo. Pa ukwati sanadye. Anthu akuvina, iye anatuluka kukasuzumira pansi pa galimoto, napeza pamiyala panyowa malo aakulu ngati mbale. Botolo la mafuta anali ataliiwala kunyumba. Akanatha kulowa n'kunena kuti amayi, ndinanama, tipeze galimoto ina. Mawu ake ndi omwewo, ochepa chabe. Koma anthu anali atamuyamikira kale, wina mpaka kumutcha bwana, ndipo manyazi anamugwira.

Cha m'ma folo koloko anayamba kutsika. Azimayi ankaimbabe nyimbo ya mkwatibwi, Linnet akutsogolera. Msewu wa kumeneko ndi wotsetsereka, ndipo kumunsi kwake kuli maloboti. Anayaka ofiira. Gracious anaponda buleki, phazi linangofika pansi ngati waponda thonje. Anapondanso, anapopa, anakoka handibuleki. Kutsogolo kunali mayi akuwoloka ndi mwana kumbuyo. Anakhotetsa chiwongolero kumanzere, mbali imene kunakhala Linnet, ndipo khoma la njerwa linawalandira.

Nyimbo inathera pakati pa mawu.

Palibe anamwalira, ndipo pamenepo tiyamike Mulungu. Mai Dinah anathyoka mkono, anzawo anatemekatemeka ndi magalasi. Gracious anatuluka ndi bala laling'ono pachipumi. Koma Linnet anamutulutsa ozimitsa moto atadula zitsulo, ndipo madokotala analephera kupulumutsa mwendo wake wamanzere. Anaudula pamwamba pa bondo.

A Solomon anafika kuchipatala ndi ndodo yawo, dzuwa lisanalowe. Namwino anawapatsa jekete la Gracious limene linavulidwa pomusoka bala. Polipinda, kapepala kanagwa pansi. Anawerama movutika, ndi msana womwe uja, n'kukatola. Anavala magalasi. Anawerenga tsiku, anawerenga chidindo, chala chinafika pamzere wochongedwa kawiri.

Gracious anali pabenchi, mutu uli m'manja. Bambo ake anakhala pambali pake, nayala pepalalo pabondo lake.

"Ndikufunse chimodzi chokha. Unawerenga?"

Akanatha kunamanso. Noel anali atazimitsa kale foni, mboni panalibe. Koma bodza linali litamuthera.

"Ndinawerenga, bambo. Ndinang'amba ndine."

A Solomon sanakalipe. Anavula magalasi, misozi ikutsika, nanena motsitsa mawu: "Ukanakhala mbuli ndikanati ndi ngozi. Koma munthu amene sakukudziwa n'komwe anakulembera, anachonga kawiri kuti uone. Ine usandipepese. Pita ukamuuze mlongo wako akadzuka, ndi pakamwa pako."

Anapitadi. Linnet anamva zonse, kenaka anatembenukira kukhoma. Anatha miyezi isanu osamulankhula. Khoti linamulanda Gracious laisensi, ndipo anabwerera ku simenti kuja ankakuthawa.

Lero mukafika ku Bethanie Lamulungu m'mawa, mudzaona mnyamata akukankha njinga ya olumala mumchenga, pang'onopang'ono, kulowera kutchalitchi. Phuma lija linatha. Linnet anayambanso kuimba, ndipo anamukhululukira, koma chikhululukiro sichinameretse mwendo.

Inu achinyamata, ndikunena nanu mosabisa. Gracious sanabe, sanaledzere. Anangoona chenjezo lolembedwa, nalibisa m'thumba chifukwa mtima unkafuna galimoto lero osati Lolemba, kenaka ananamiza bambo ndi mai ake kuti bodza loyambalo lisaoneke. Mukapeza choonadi chosakukomerani, musaching'ambe. Tsambalo limachoka m'buku, koma dzimbiri limatsala pamapaipi, ndipo amene adzalipire kawirikawiri si inu. Ndi uja wakhala pambali panu, atavula nsapato chifukwa akukukhulupirirani.