Gawo Lachitatu Lili ndi Selestina

Linali Lachinayi madzulo, mwezi wa Okutobala chaka cha 1998. Ndinali pakhonde, ndikusita malaya a ku Misa, pamene kumjigo kunabuka phokoso. Ndinayesa akulimbirana madzi. Koma ayi. Amayi akuluakulu ankakangana za munthu wa m'buku.

Bukulo linabwera ndi Selestina, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ali wamng'ono. Ankagwira ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo anabwerera kumudzi atawonda, monga ankabwerera ambiri zaka zimenezo. Linali buku lachingerezi, lonenepa ngati njerwa, la nkhani za afiti ndi mizimu. Ofuna kuwerenga atachuluka, Selestina analidula pamsana ndi mpeni, magawo atatu, kuti nyumba zingapo ziziwerenga nthawi imodzi. Ine ndinakulira m'manja mwa ansembe amene ankatikwapula tikapinda tsamba. Kudula buku sindinakuvomereze, ndipo ndinamuuza.

Odziwa chingerezi ankawerenga n'kumafotokozera anzawo m'Chinyanja, kuchigayo ndi kumjigo. Motero ngakhale osadziwa kulemba dzina lawo anali ndi mbali. Ngwazi ya m'bukumo ankangoitchula kuti Mperekezi, poti dzina lake lenileni linkakana lilime. Ntchito yake inali kuperekeza anthu usiku m'njira zoopsa. Amene anayambira gawo loyamba ankalumbira kuti ndi munthu wa Mulungu. Amene anayambira lachiwiri ankati ndi kapitawo wa afiti, ndipo anthuwo amakawapereka.

Gawo lachitatu palibe analiona. Selestina ankaliwerenga yekha pamphasa, ndipo akamufunsa ankangoti, "Dikirani ndimalize." Anamwalira nalo lili kumutu kwake. Amayi ake analiika m'bokosi pamodzi ndi kolona.

Madzulo amenewo mawu amene ankamveka kwambiri anali a Latifa, wogulitsa mandasi, ndi a mwana wanga Nester.

"Inu, munthu kumayenda usiku afiti osamukhudza? Ameneyo amadya nawo!" anatero Latifa.

"Nanga analiriranji mwana uja atafa?" anayankha Nester.

"Fisinso amalira, mwali."

Amayi anaseka. Kenako Latifa anatsitsa mawu, koma ndinamva.

"Nanga amuna anuwo, mwa onse amene anawanyamula, ndi angati anabwerako ndi miyendo yawo?"

Mjigo unasiya kulira.

Mwamuna wa Nester anali Rafaeli, wa ku Namitambo, munthu wochepa mawu. Anali ndi njinga yakapalasa yokhala ndi chiguduli pakaliyala. Wina akadwala usiku, ankagogoda pakhomo pake, iye n'kunyamula wodwalayo mpaka kuchipatala ku Nguludi, osafunsa kanthu. Selestina anamunyamulanso iyeyo. Achinyamata anamupatsa dzina lakuti Mperekezi mongoseka. Koma maliro atachuluka, kuseka kunatha, dzina n'kutsala.

Lachisanu amalume ake a Nester anabwera kudzanena kuti mbumba ikhala pansi Lamulungu ikatha Misa, kuti ione ngati mkamwini ameneyu akhalebe pamudzi. Nester anali ndi pakati. Ine ndinati n'zamanyazi kuti Akhristu aweruze munthu ndi buku lodukaduka. Anandimvera mwaulemu, osasintha kanthu. Inenso pamudzi pano ndine mkamwini, ngakhale tsitsi layera.

Loweruka ndinapita ku Nguludi ku msonkhano wa akuluampingo. Tinatuluka mochedwa. Ndinabwerera wapansi, ndekha, mwezi uli kachidutswa. Kunali kotentha, kopanda mphepo. Ngakhale agalu sankauwa.

Nditafika pa mitengo ya bulugamu, pamene kanjira ka kumanda kamapatukira, ndinamva kaphokoso. Kanali kakang'ono, kouma. Ndinakazindikira msanga, poti ndakhala m'kalasi moyo wanga wonse. Wina ankatembenuza tsamba.

Ndinaima.

Pachitsa, m'mbali mwa njira, panakhala mzimayi. Anafunda chitenje kumutu. Pamiyendo pake panali mapepala. Analibe nyali, koma chala chake chinkayenda pamzere, pang'onopang'ono, monga ndinkawaphunzitsira ana. Anafika pansi pa tsamba, nanyambita chala, natembenuza.

Kenako ndinamva fungo la dothi lonyowa. Mvula yoyamba inali isanagwe.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Mawuwo ndinawadziwa. Chifuwa chokha ndicho chinali chitachoka. Ndinachita chizindikiro cha mtanda. Ndinalankhula monga ndinkalankhulira naye ali pabenchi.

"Selestina, malo ako si ano."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Koma phokoso lachuluka kumudziko. Sindikugona."

Sanadzutse mutu. Nkhope sindinaione, ndipo ndimayamika Mulungu.

"Ndamaliza tsopano," anatero. "Simufunsa?"

Funso linafika pakamwa. Ndinaganiza za Nester, ndi za mawa. Koma Mkhristu safunsira kwa akufa. Ndinaphunzira zimenezo ndisanamere ndevu.

"Sindifunsa," ndinatero.

"Ndiye ndipita kwa amene angafunse."

Anasonkhanitsa mapepala, naimirira. Pansi panali masamba ouma a bulugamu, koma sanalire. Ndinayembekeza kuti alowera kumanda. Sanatero. Analowera kumudzi, patsogolo panga, ndipo mdima unamumeza.

Sindinathamange. Ndinayenda ndikupemphera mokweza. Nditafika, ndinapeza nyali ikuyaka m'nyumba ya Nester, iye ataima pakhomo, manja pamimba.

"Bambo, simunakumane nawo?"

"Ndani?"

"A Rafaeli. Kunabwera wogogoda."

Ndinasuzumira m'nyumba. Njinga inali pamalo pake, yotsamira khoma.

"Sanatenge njinga?"

"Ayi. Atenga khasu."

"Anagogodayo ndani?"

"Sindinamuone. Mawu achizimayi. Anangoti, 'A Mperekezi, ndiperekezeni.'"

Ndinabwerera mpaka pa bulugamu paja, n'kuitana dzina la Rafaeli katatu. Sanayankhe. Kumanda sindinalowe, poti kumanda salowako popanda chilolezo. Chapatali ndinkamva khasu likugunda dothi. Linkagunda, n'kupuma, n'kugundanso. Ine ndi Nester tinachezera kolona mpaka tambala analira.

Amene anamupeza Rafaeli ndi amayi olawirira ku Misa yoyamba. Anali pamanda a Selestina, dzenje likumulekeza m'mawondo, thupi lonse lili katondo. Mtanda unali pansi. Amayiwo anakuwa, mudzi wonse n'kuthamangira komweko. Tsiku limenelo ku Misa kunapita anthu ochepa.

Mbumba inakhala pansi m'mawa womwewo. Ena anati nkhani yatha, mfiti yagwidwa ikufukula ndiwo. Anzake a Nester anati ayi, munthuyu watopa ndi kunenedwa, amafuna gawo lachitatu kuti ayeretse dzina lake. Anayambanso kukangana, monga ankakanganira kumjigo, munthu ali chikhalire pakati pawo ndi dothi m'tsitsi.

Atamufunsa, Rafaeli anayankha mawu ochepa.

"Manda ndinawapeza otseguka. Ine ndimakwirira."

"Anatsegula ndani?" anafunsa amalume aja.

"Sindikudziwa."

Ndinaimirira, n'kunena zonse zimene ndinaona panjira, osawonjeza, osachotsa. Ndinkayesa kuti mawu a munthu amene sananamepo pamudzi pano amuthandiza. Sanamuthandize. Wina kumbuyo anati, "Ngati wakufa akuyenda, anamudzutsa ndani?" Winanso anati, "Kani aphunzitsinso amaona usiku?" Amalume anagamula kuti dzuwa lisamulowere pamudzi.

Rafaeli anamanga bulangete lake pakaliyala. Nester anafuna kumutsatira, koma amayi ake anamugwira dzanja, nati mimba yoteroyo siyenda ulendo, ndiponso munda wake uli kuno. Rafaeliyo ndinapita naye ndekha mpaka pamsewu, iye akukankha njinga. Kumeneko ndinafunsa wamoyo zimene ndinakana kufunsa wakufa.

"Akamwini, anakuuzani mathero ake?"



"Anayamba kundiuza, bambo. Ndinamupempha kuti aleke."

"Chifukwa chiyani?"

"Onse amene ndinawanyamula aja ndimawawerenga usiku. Inenso ndimadzifunsa. Ndikanamva kuti munthu wa m'bukuyo ndi wa afiti, mawa wina akagogoda ndikanatsegula bwanji?"

Anakwera njinga, nalowera cha ku Namitambo. Tinamva pambuyo pake kuti kwawo sanakhalitse. Ena amati ali m'minda ya fodya kumpoto, ena amati anaoloka malire.

Manda aja anawakwirira adzukulu, ansembe n'kuwaza madzi odalitsa. Mmodzi wa adzukuluwo ananong'oneza mkazi wake kuti dothi la m'mbali mwa dzenje linali losagundidwa ndi khasu, linkaoneka ngati lakankhidwa kuchokera pansi. Mnzake amene anali naye limodzi amakana, amati mabala a khasu anali ponseponse.

Nester anachira mu Januwale, mvula ili pakati. Anali mwana wamwamuna. Amayi a pamudzi anabwera kudzamuona, monga mwambo ulili, ndi Latifa yemwe, atanyamula sopo ndi ufa. Anaima mozungulira mphasa, nayamika kuti mwanayo watenga nkhope ya bambo ake.

Palibe anapempha kumunyamula.